Sabata ya Wamng'ono

Amuna anga anabwera kuchokera kuchipatala akuseka okha, njinga akuikankha chifukwa tayala linaphwa panjira. Asanakhale n'komwe pansi anati, "Mayi, sesani kuchipinda. Ndakubweretserani mkazi mnzanu."

Ine ndinali pakhonde ndikupeta mapira, ndipo sindinadzutse mutu. Zaka zoposa makumi atatu za ukwati zinali zitandiphunzitsa kuti bambo ameneyu akafika mano ali pamtunda, kumbuyo kwake kukubwera zachibwana, ngakhale anali mkulu wa mpingo wa imvi zake.

"Alowe," ndinatero. "Lichero lina lili apo."

Anapisa m'thumba la shati n'kutulutsa kapulasitiki ka mankhwala. Munali timapiritsi toyera, tating'ono ngati mphodza, dzina lake lopinda lilime loti gilibenikilamaidi.

"Adokotala akuti wamkulu uja watopa, yekha sakuikwanitsa ntchito," anatero. "Ndiye andipatsa wamng'ono uyu."

Wamkulu amene ankanenayo linali piritsi lalikulu la metifomini, limene anakhala akumwa kuyambira chaka chimene anawapeza ndi shuga. Nthendayo inaoneka atangopuma ntchito yothirira nzimbe ku esiteti, moti anzawo ankawaseka kuti anatuluka pageti ndi katundu wa kampani m'magazi. Piritsilo poyamba linawavuta m'mimba, kenaka anazolowerana nalo. Wosunga ndinali ine, m'chitini cha tiyi pamwamba pa kabati. Amuna anga akhoza kukuuzani tsiku limene mbatata idzakhwime pongoona masamba, koma mukawasiyira mankhwala m'manja mudzawapeza m'thumba la buluku atachapidwa kale.

Atasiya za ku esiteti, moyo wawo wonse unatsalira kudimba. Dimba lake ndi limene anawasiyira bambo awo, kumunsi kwa mudzi wathu kuno kwa Makhuwira, kumene madzi a Shire akaphwa amasiya dothi lakuda lonyowa. Ankalawirira kusanatenthe, osaika kanthu m'kamwa, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, monga amachitira aliyense wa kuchigwa kuno amene safuna kupsa. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anali atayamba kale nyimbo yake: bambo akalamba, bambo ali ndi shuga, bambo abwere kutauni akhale pafupi ndi chipatala. Iwo ankangoyankha kuti, "Kutauniko ndizikalima pasimenti?" Ankanena moseka, koma ine ndinkadziwa kuti kuwachotsa padimba paja kunali kuwakumbira manda.

Tsopano ndinene za ine, chifukwa cholakwa cha nkhaniyi n'changa. Ndinabadwira ku Nsanje, pabanja la mitala, ndipo mayi anga anali mkazi wamng'ono. Bambo anga anali munthu wachilungamo, chilungamo chake cha mitala: sabata imodzi kunyumba yaikulu, sabata imodzi kwathu. Jekete lawo likapachikidwa pamsomali wa kwathu, mayi ndi amene ankawaphikira ndi kuwaikira madzi kubafa. Lamlungu likakwana jekete linkasamuka. Tsiku limodzi lokha likabedwa, mudzi wonse unkamva, mbale zikuuluka. Ndinalumbira ndili mtsikana kuti mitala ine ayi, n'chifukwa chake ndinasankha mwamuna wa kutchalitchi. Koma lamulo lake linandilowa m'mafupa: akazi awiri satumikira mwamuna tsiku limodzi.

Choncho nditagwira timapulasitiki tiwiri tija, mutu wanga sunavutike n'komwe. Pa kalikonse panalembedwa kamwedwe kake, koma panalibe pamene panalembedwa kuti azimwera limodzi. Wamkulu watopa, ndi mmene anandiuzira. Wotopa amapuma. Ndiponso mankhwala awiri amphamvu m'mimba imodzi ndinkaona ngati akamenyanamo. Ndinaphunzitsa sitandade 4 kwa zaka zambiri, ndipo matenda a aphunzitsi mumawadziwa, timakonda kufunsa ana osati kufunsa anzathu.

"Sabata ino ndi ya wamng'ono," ndinawauza m'mawa mwake. "Wamkulu apume. Lamlungu asinthana."

Anazikonda kwabasi. M'mawa uliwonse ankatambasula dzanja akufunsa kuti, "Lero ndili kwa yani, mayi?" Akameza ankati, "Takhuta," kundinyogodola ndi zikomo wa Chisena cha kwathu. Mwezi wonse unatha choncho, ine ndikudzitama mumtima kuti palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene ndaphonya.

Tsiku lobwereranso kuchipatala ndinawaperekeza, chifukwa sindinkasangalala ndi mmene ankaonekera. Ankamwa madzi osaleka, ndipo ankati m'maso mukuchita ngati utsi. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Iwo atalowa kwa adokotala, ine ndinatsala pabenchi la panja pamodzi ndi odwala shuga ena amene ankadikira.

Pabenchi pamenepo m'pamene ndinadziwira kuti anthu a shuga amakambirana mapiritsi ngati alimi akukambirana mbewu ya thonje. Pafupifupi onse anali ndi lalikulu lija. Kusiyana kunali pa kowonjezera. Mayi wina wonenepa, wogulitsa zitenje wa ku Nsanje, anatulutsa kabokosi kake kokongola kogula kutauni.

"Awa shuga amamutulutsira mumkodzo," anatero. "Sagwetsa munthu, ndipo thupi lapepukako. Koma shamwali, ludzu lake! Ndimamwa madzi ngati ng'ombe ya pangolo, minibasi ndimaiimitsa katatu tisanafike pa Bangula. Makondakitala onse akundidziwa."

Mkulu wina wowonda, wa chipewa cha mlaza, anagwedeza kapulasitiki ka timapiritsi tofanana ndi ta amuna anga. "Walira mvula walira matope, mayi. Aka n'kaukali, shuga kamamutsitsa ndithu. Koma kukamwa usanadye, kamakugwetsa chagada. Ine ndikangomva kunjenjemera ndi thukuta lozizira, ndimathamangira shuga weniweni, masupuni awiri m'madzi."

Ndinaseka chamumtima. Munthu wa shuga n'kumupatsanso shuga? Kwathu ndinali nditabisa ngakhale uchi. Kenaka ndinafunsa funso langa, mwaulemu wake wa munthu wodziwa zinthu.

"Nanga lalikululo inu mumalipumitsa masiku angati?"

Mayi wa zitenje uja ananditembenukira thupi lonse. "Kupumitsa? Nkhabe, mama, ayi ndithu! Onse awiri tsiku ndi tsiku. Kowonjezera n'kowonjezera, sikolowa m'malo ayi."

Ndinayang'ana pansi n'kuyamba kukonza chitenje changa chimene chinali bwinobwino. Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka, amuna anga anatuluka, ndipo ulendo uno panalibe nthabwala.

"Shuga akadali pamwamba," anandiuza chapansipansi. "Anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala tsiku lililonse. Ndati inde, mkazi wanga saphonya. Ndiye wamng'ono uja amuwonjezera, ndizimwa tiwiri. Akuti zikakanikanso tikambirana za jakisoni."

Tonse tinkadziwa tanthauzo la jakisoni pakhomo pathu. Mankhwala ake amafuna pozizira, pamene m'nyumba mwathu mwezi umenewo kandulo amapindika yekha. Mwana wathu akanangomva mawu amenewo, akanabwera ndi chikwama.

Chitseko cha adokotala chinali pompo, mapazi asanu okha. Ndikanalowa n'kunena kuti, pepani, mankhwalawa sanakanike, wakanika ndine. Sindinalowe. Ndinachita manyazi ndi mayi wa zitenje, ndi mkulu wa chipewa, ndiponso ndi mwamuna amene anali atangondiyamikira kumene kuti sindiphonya. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, yankho ndinalimva, phulalo ndinalidyabe. Ndinadziuza kuti ndikakonza ndekha kunyumba, mwakachetechete, palibe adzadziwe.

M'mawa mwake ndinawaika m'dzanja lalikulu limodzi ndi tating'ono tiwiri.

"Mitala yasintha malamulo?" anafunsa.

"Imwani, musandichedwetse."

Anandiyang'ana pang'ono, anameza, anasenza khasu n'kumapita. M'mimba munalibe kanthu monga mwa masiku onse. Mawu a mkulu wa chipewa aja ndinali nditawataya pamodzi ndi zoseketsa zina za pabenchi.

Tsiku lachinayi mtima sunakhazikike. Dzulo lake anali atabwera akudandaula mutu ndi njala yachilendo. Dzuwa litakwera pang'ono ndinatunga madzi m'chigubu n'kuwalondola kudimba, chinthu chimene sindinkachita kawirikawiri. Panjira ndinakumana ndi azimayi awiri a madimba oyandikana nalo, akubwerera, akugwirana mapewa ndi kuseka.

"Fulumirani mukaone akulu a mpingo," anatero mmodzi. "Lero alawa ya masau."

Ankanena kachasu. Amuna anga, amene ngakhale thobwa likagonera amalikana! Ndinafuna kuwalalatira, koma miyendo inaganiza msanga kuposa pakamwa, ndinayamba kuthamanga.

Ndinawapeza atakhala pansi m'matope, shati ili chonyowa ngati agwa mumtsinje. Mzere wathunthu wa chimanga chawo, chofika m'mawondo, anali ataugwetsa okha ndi khasu. Manja ankanjenjemera. Ankalankhula ndi bambo awo amene anamwalira kalekale, kuwafotokozera za malire a dimba. Nditawagwira pamphumi ndinapeza pali pozizira, dzuwa lonse lija. Anandiyang'ana ngati mlendo.

"Mukufuna ndani, mayi?"

Apo m'pamene mawu a mkulu uja anandibwerera onse. Shuga ndinalibe. Koma m'malire mwa dimbalo munali phata la nzimbe limene anabzalira adzukulu, limene ineyo ndinawaletsa ngakhale kuliyang'ana. Ndinathyola imodzi ndi bondo, ndinaisenda ndi mano, n'kuwaika kachidutswa pamlomo.

"Tafunani."

Anatembenuza nkhope. "Ayi. Mkazi wanga amaletsa."

"Mkazi wanuyo ndine! Tafunani!"

Ndinali ndikulira, ndikukalipa, ndikusenda, zonse nthawi imodzi. Anatafuna kachidutswa kamodzi, kenaka kena, madzi ake akutsikira m'ndevu. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kunjenjemera kunayamba kuchepa, maso anabwerera m'malo mwake, ndipo anandizindikira. Atatembenuka anaona mzere uja.

"Wandidulira chimanga ndani?"

Anayang'ana khasu lawo, anayang'ananso mzerewo, n'kuweramitsa mutu. Kuwerama kumeneko kunandipweteka kuposa zonse za tsikulo.

Nkhani siigona. Mmene ndinkafika nawo kunyumba, wina anali ataimbira kale foni ku Blantyre. Madzulo amenewo ndinawadyetsa bwino, tating'ono tija sindinawapatsenso, ndipo mawa lake mwana wathu anatsika minibasi atanyamula chikwama chachikulu chopanda kanthu, choti alongedzemo zovala za bambo ake. Sanakalipe. Anangowagwira dzanja n'kunena kuti, "Bambo, mukanafera kudimba ine ndikanamva kwa anthu." Ndani akanamutsutsa? Mwanayo ankanena zoona.

Tinapita kuchipatala tonse atatu. Adokotala anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wa mwana wathu yemweyo, wolankhula modekha. Anamvetsera zonse, anawayeza, kenaka anatsegula kabuku ka amuna anga n'kumabwerera masamba mmbuyo.

"Apa pali chimene sindikuchimvetsa," anatero. "Mwezi wathunthu pa mankhwala awiri, shuga osatsika ngakhale pang'ono. Kenaka masiku anayi okha, watsika mpaka kuwagwetsa. Sizikugwirizana. Ndikufuna akaonedwe kuchipatala chachikulu, mwina pali china chimene sitikuchiona. Pakadali pano asamapite kutali okha."

"Mwamva, bambo?" anatero mwana wathu.

Amuna anga anazunguza chipewa chawo m'manja. "Chabwino," anatero.

Munthu amene anakana za kutauni kwa zaka, wokhala ndi yankho la nthabwala pa chilichonse, anangoti chabwino. Anali atakhulupirira kuti thupi lawo lawapandukira, ndipo dimba alitaya. Ine ndinali nditakhala pambali pawo, chifukwa chake ndikuchidziwa.

"Adokotala," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina. "Mwezi umenewo sankamwa awiri. Ndinkawapatsa mosinthanitsa, sabata lalikulu, sabata kakang'ono. Ndinamva pabenchi panjapo kuti ndinkalakwitsa, tsiku lomwe munawonjezera lija. Sindinalowe kudzakuuzani. Ndinangopita kukawapatsa onse pamodzi, ndi zowonjezerazo."



"Amayi!" anatero mwana wathu. "Inu aphunzitsi? Mosinthanitsa chifukwa chiyani?"

"Anati ndi mkazi wachiwiri," ndinayankha, maso ali pansi. "Kwathu akazi awiri amagawana masabata."

Adokotala anagwira pakamwa. Ndinaona mapewa awo akugwedera pang'ono, ndipo sindinawaimbe mlandu. Amene sanaseke ndi amuna anga.

"Adokotala sananene za mkazi," anatero. "Anangoti tiwonjezerapo kena. Za mkazizo ndinaziphika ndine panjira, pokankha njinga. Ngati pali wolakwa, ndi pakamwa pangapa."

Ndinawakonda bambo amenewa nthawi imeneyo kuposa tsiku la ukwati wathu, ndipo ndinafunanso kuwamenya ndi kabuku kawo komweko.

"Mayi, mwachita bwino kunena," anatero adokotala atadzigwira. "Mwatipulumutsa ku ulendo wosafunika. Ndiye kuti mankhwala awiriwa sitinawayesebe pamodzi pa muyezo woyenera. Poyamba anali ochepa, kenaka anachuluka."

Anatseka kabuku kaja n'kuyamba kufunsa mafunso amene sindinkayembekeza kuchipatala. Amadzuka nthawi yanji? Amadya chiyani asanapite? Dimba lili kutali bwanji, madzi akumwa amawapeza kuti, amakhala ndi ndani kumeneko? Atamva zonse anatenga pepala n'kujambula timizere tinayi.

"Lalikulu lija likhalapo, silichoka," anatero. "Tikusankha lolithandiza. Palibe loposa anzake pa zonse, lililonse lili ndi khalidwe lake."

Kakang'ono kathu kaja, anati, n'kamphamvu ndipo kamapezeka pafupi, koma sikadziwa ngati munthu wadya kapena ayi, kamangogwira ntchito, ndipo kwa achikulire kamakhalitsa m'thupi. Aja otulutsira shuga mumkodzo sagwetsa munthu chotero, ena amawathandizanso mtima ndi impso, koma amachotsa madzi m'thupi, ndiye kwa munthu wolima padzuwa la kuno kutali ndi mjigo n'zofunika kuziganizira kawiri. Panali ena ofatsa, osagwetsa kawirikawiri, koma mphamvu yake ndi yapakatikati, ndipo ngoyenera kuwatsata kutauni. Pomaliza anatchula mbale wake wa kakang'ono kaja, wa mtundu umodzi koma wosapsa mtima kwambiri, amene anati angawayenere bambo a msinkhu umenewu akayamba ndi muyezo wochepa.

"Koma nayenso amafuna apeze chakudya m'mimba," anatero akundiyang'ana ine. "Phala kaye, mankhwala pambuyo, khasu pomaliza. M'thumba muzikhala kashuga kapena maswiti. Vuto lake n'lakuti pano sitikhala nawo nthawi zonse."

Mwana wathu nthawi yonseyi ankangoyang'ana bambo ake. Nkhope yawo inali itayamba kubwerera, ngati mbewu yofota imene yathiriridwa.

"Kutauni amapezeka?" anafunsa.

"Amapezeka."

"Ndilembereni dzina lake. Ndizitumiza pa minibasi mwezi uliwonse." Kenaka anatembenukira kwa ine. "Koma amayi, pakakhala chimene simunamvetse, muzifunsa."

Ndinameza mawu amenewo opanda madzi. Anali mawu anga omwe, amene ndinkauza ana a sitandade 4. Adokotala anatiuza kuti tibwerenso pakatha masabata awiri, ndipo ulendo umenewo ndinalowa ndi amuna anga m'chipinda, ndinafunsa mafunso mpaka anthu a pabenchi anayamba kugogoda. Chikwama cha mwana wathu chinabwerera ku Blantyre chitadzaza mbatata.

Mzere umene anagwetsa uja tinaubzalanso tonse awiri. Kuyambira sabata imeneyo ndinayamba kupita nawo kudimba, chifukwa phala la m'mamawa ankalikana kunyumba, ati kukhosi sikunatseguke, ndiye ndinkalinyamula m'kabakuli kuti akadyere komweko asanagwire khasu, mankhwala ali pamfundo ya chitenje changa. Azimayi aja ndinawapeza, ndinawafotokozera bwinobwino kusiyana kwa kachasu ndi shuga wotsika, ndipo ndikukhulupirira kuti a madimba a kutsidya nawonso anamva.

Tikubzala mzere umenewo, iwo akukumba ine ndikuponya mbewu, ndinakumbukira chinthu chimene ndinali nditachiiwala kwa zaka zonsezi. Masabata aja kwathu ku Nsanje anali a m'nyumba mokha. Kumunda mayi anga ndi amayi aakulu ankapita onse, tsiku lililonse, uyu mzere wake uyo mzere wake, jekete lili kulikonse kumene lili. Chaka chimene mayi anga anadwala mwendo, mapira athu anapalira ndi amayi aakulu. Ine ndinasunga za msomali ndi mbale zouluka, za kumundazo ndinazitaya. Ndinaima ndi mbewu m'manja, ndipo ndinawasowa azimayi awiri amenewo mpaka misozi inalengeza.

M'mawa wina atakhala pachitsa, bakuli lili pamiyendo, ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuwaika m'dzanja lalikulu ndi latsopano lija, onse pamodzi. Anawayang'ana, anandiyang'ana ine, ndipo ndinaona kuti zachibwana zija zachira.

"Ndiye mwakwana atatu tsopano," anatero.

"Awiriwo ndi obwera," ndinatero. "Ine anandipeza. Malizani phalalo, dzuwa likukwera."

Anakokota bakuli mpaka pansi, anameza mankhwala awo, anaimirira n'kutenga khasu.